Mwana wafika Fomu 4: mafunso a makolo a ku Mulanje ndi mayankho ake

Mwana akafika Fomu 4, pakhomo pamayamba kumveka mawu achilendo: MANEB, mapointi, ma credit, mock, senta. Makolo ambiri a kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Nkanda, kwa Juma, kwa Mthiramanja ndi kwa Njema sanakhalepo pa desiki ya sekondale, ndipo si mlandu wawo. Pulayimale yaulere inayamba mu 1994, pomwe sukulu za CDSS zimene zafika m'midzi lero zinabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake kholo limangoti, "Za sukulu akudziwa ndi aphunzitsi," n'kutenga khasu kumapita kumunda. Ine ndikukana. Kuphunzitsa n'kwa aphunzitsi, kulemba n'kwa mwana, koma nthawi yowerengera, chakudya, nyali, dzina lolembedwa molondola ku MANEB ndi mtima wokhazikika zimachokera kunyumba.

Funso: Chaka chimenechi chimayenda bwanji? Ife timangoona mwana akupita ndi kubwera.

Yankho: Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala ndipo chili ndi materemu atatu, koma kwa wa Fomu 4 chaka sichikwana. Mayeso a MSCE amalembedwa chakumapeto kwa Juni ndi mu Julayi, choncho teremu yachitatu ndi yoduka, imathera pa kubwereza zimene anaphunzira kale. Ntchito yeniyeni ili mu teremu yoyamba ndi yachiwiri.

Yoyamba ndi yolembetsa mayeso. Yachiwiri, imene imayamba mu Januwale, ndi yomwe aphunzitsi amathamangira kumaliza silabasi, ndipo mayeso oyeserera a mock amabwera chakumapeto kwake kapena teremu yachitatu ikangotsegulidwa. Tsoka lake n'lakuti teremu yofunika chonchi imagwera nyengo yowawa kwambiri kuno kwathu. Mvula ili pakati, Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila adzaza, mwana wa sukulu yoyendera akubwerera pa doko. Chimanga chatha m'nyumba. Malungo avuta. Tiyi waphuka m'minda ya Lujeri ndi Eastern Produce komanso m'timinda ta alimi ang'onoang'ono, dzanja lililonse likufunika kukathyola. Banja limene laiwerengera nyengo imeneyi kuyambira mu Seputembala limapulumuka. Limene silinaiwerengere limadzidzimuka mu Meyi, mwana atajomba masabata angapo amene sadzabwereranso.

Dziwaninso kuti MSCE imafunsa za Fomu 3 pamodzi ndi za Fomu 4. Makope a chaka chatha asakulungire zitumbuwa, asayatsire moto.

Funso: Mwana akuti kusukulu awalembetsa kale mayeso. Pali chathu pamenepo?

Yankho: Chilipo, ndipo n'chachikulu. Masiku ano sukulu imalembetsa ana ku MANEB pa kompyuta: dzina, tsiku lobadwa, chithunzi ndi maphunziro amene adzalembe. Zimene zalowa pamenepo ndi zomwe zidzatuluke pa chiphaso cholowera m'chipinda cha mayeso ndiponso pa sitifiketi imene munthu amayenda nayo moyo wonse.

Kuno mwana mmodzi amatha kukhala ndi mayina atatu: la bambo omubereka, la bambo omulera, ndi la kuchikazi limene agogo anamulembetsera ku pulayimale. Pa JCE pali dzina lina, pa chiphaso cha unzika pali lina, pa MSCE palowa lachitatu. Lero palibe amene akuona vuto. Limadzaonekera tsiku lofunsira malo ku koleji kapena ngongole ya sukulu, a mu ofesi akumuuza kuti mapepalawa ndi a anthu awiri osiyana. Kukonza dzina sitifiketi itatuluka kumafuna makalata, ndalama, mwinanso ulendo wa ku Zomba kulikulu la MANEB. Kukonza pamene sukulu yatulutsa mndandanda woti ana atsimikize mayina awo n'kwa mphindi zochepa.

Mndandandawo ukatuluka, muuzeni mwana akopere papepala mmene dzina lake lalembedwera, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi maphunziro onse, mufanizire ndi za pa JCE ndi pa chiphaso cha unzika. Ngati wakwanitsa zaka 16 koma chiphaso cha unzika alibe, akalembetse ku NRB chaka chomwechino. Ndipo ngati mwana saona bwino, samva, kapena ali ndi ulumali wina, nenani nthawi yolembetsayi. MANEB imakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a Braille, koma imakonzera okhawo amene yauzidwa.

Funso: Nanga ndalama? Tikumva kuti sekondale tsopano ndi yaulere.

Yankho: Boma linachotsa fizi ya tuition m'sukulu zake za sekondale mu 2018, ndipo kuyambira Januwale 2026 linachotsanso ndalama ya mayeso m'sukulu zake ndi ya chitukuko m'sukulu zoyendera. Ya chigonero ikadalipo, ndipo a sukulu za Open ndi a sukulu zapulayiveti amalipirabe. Kafunseni ahedi kuti mwana wanu ali m'gulu liti. Chilichonse chimene mwalipira, kaya ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani lisiti kapena uthenga wake mpaka zotsatira zitatuluka.

Koma ulere umenewu usakugonekeni. Zimene zimagwetsa wa Fomu 4 nthawi zambiri ndi tinthu tating'ono timene palibe anatiwerengera: makope, zolembera, kalikuleta, seti ya masamu, sopo, mapadi a mtsikana, nyali ya sola, juzi, ndalama yojambulitsira mapepala a mayeso akale, ndi thiransipoti kapena kamba wa ku senta ngati akalembera kutali. Zonsezi zimafunika pakati pa Januwale ndi Julayi, pamene ndalama ya banja imabwera nthawi ina. Ya nandolo imagwira m'manja cha mu Seputembala, a banki m'khonde ambiri amagawana mu Disembala. Patulani ya mwanayo nthawi yomweyo, isanalowe ku fetereza ndi ku Khirisimasi. Amene amadikira kuti aone mu Juni amathera kwa katapila.

M'mabanja athu a chikamwini pamakhalanso kukankhirana. Bambo akuti mwana ndi wa kuchikazi, amalume akuti mwana ali ndi bambo ake, wina ali ku Joni sakuyankha foni. Khalani pansi mu Seputembala, bambo, mayi ndi mwinimbumba, aliyense atchule chimene atenge. Ngati zavutadi, pitani msanga kwa ahedi akuuzeni njira ya basale ya ku ofesi yosamalira anthu pa boma, ya thumba la CDF, kapena ya mabungwe ngati CAMFED amene amathandiza atsikana. Mayina amatengedwa kumayambiriro kwa chaka, osati mayeso atayandikira.

Funso: Mapointi amene ana amatchulawa n'chiyani kwenikweni?

Yankho: Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo nambala yaing'ono ndiyo yabwino. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass wamba, 9 n'kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, Chingerezi chili momwemo. Wopeza 1 m'maphunziro onse 6 ali ndi mapointi 6, ndipo palibe opambana pamenepo. Wopeza 6 m'onse ali ndi 36.

Kuti apatsidwe sitifiketi, mwana akhoze maphunziro 6, Chingerezi momwemo, ndipo limodzi likhale pa credit. Apo ayi akhoze maphunziro 5, Chingerezi momwemo, atatu ali pa credit. Imvetseni bwino nkhani ya Chingerezi: wolephera phunziro limeneli alibe sitifiketi, ngakhale Masamu atapeza 1.

Yunivesite ya boma imafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma kumeneko n'kungololedwa kufunsira, chifukwa ofunsira amachuluka kuposa malo. Imayang'ananso maphunziro ake. Ana ena amasiya Masamu, Physics kapena Chemistry pofuna mapointi ochepa m'maphunziro osavuta, kenako n'kudzapeza kuti unamwino, udokotala, uinjiniya ndi zaulimi zonse zikufuna maphunziro amene anathawawo. Mwana asasiye phunziro inu musanamve, ndiponso asanafunse mphunzitsi kuti ntchito imene akuifuna imalira chiyani.

Funso: Wathu ali pa CDSS ya kumudzi kuno. Angapikisane ndi a ku Providence kapena Mulanje Secondary?

Yankho: Tisanamizane, mpikisanowu si wofanana. Wa sukulu yogonera ali ndi magetsi, nthawi yowerenga yoikika, labotale ndi nsima yophikidwa kale. Wa CDSS nthawi zambiri akugawana buku limodzi ndi anzake angapo, ndipo ena amakhudza zida za sayansi koyamba mayeso atayandikira. M'dziko lonse, mu 2023 ndi mu 2024, anakhoza MSCE anali pakati pa 54 ndi 55 mwa ana 100 alionse amene analemba, ndipo sukulu za CDSS zimakhala m'munsi mwa zogonera. Komabe pepala la mayeso ndi limodzi, ochonga saona dzina la mudzi, ndipo chaka chilichonse ana a CDSS amasankhidwira ku yunivesite.

Amene amadutsawa amafanana m'zinthu zingapo. Sajomba. Ali ndi kagulu ka anzawo atatu kapena anayi kokambirana maphunziro masana, kosati ka macheza. Amayankha mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo atatchera nthawi, n'kukapereka kwa mphunzitsi awachongere. Amabwereka manotsi kwa anzawo a sukulu zogonera pa holide.

Makolo nanu muli ndi mawu. Ngati kalasi yatha teremu yonse yopanda mphunzitsi wa Masamu kapena Biology, musangong'ung'udza pa chigayo. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi ikambe ndi ahedi, ndipo zikakanika ipite ku ofesi ya Shire Highlands Education Division, imene imayang'anira masekondale a Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu. Ofesiyi ili ku Mulanje konkuno. Za patitaimu, lipirani ngati mwana akudziwa phunziro ndi mutu umene ukumuvuta. Kulipira chifukwa anzake onse akupita n'kutaya ndalama.

Funso: Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Ndingamuthandize chiyani mwana wa Fomu 4?

Yankho: Mayi, chimene mwanayo akuchisowa kwambiri muli nacho ndinu, ndicho nthawi. Taonani tsiku la mtsikana wa sukulu yoyendera. Kusanache wapita ku mjigo, wasesa, wasambitsa ang'ono ake, wayenda mtunda kupita kusukulu. Pobwera wapeza mbale, nkhuni, ndiwo zofuna kusadzula, mphika wa nsima ukumudikira. Akamatsegula kope, anthu onse agona, nayenso maso akulemera. Nthawi yonseyi mlongo wake wa Fomu 2 anali ku mpira. Tikamadzanena kuti atsikana sakhoza Masamu, tizikumbukira tsiku limeneli. Gawaninso ntchito za pakhomo kwa miyezi imeneyi yokha. Mnyamata sathyoka dzanja akatunga madzi.

Anyamata nawo ali ndi msampha wawo, ndiwo ndalama ya msanga. Kabaza, kusenza katundu tsiku la msika ku Limbuli, ku Chinakanaka kapena ku Nkando, kuwoloka pa Muloza kukapikula ku Milange. Zimayamba ngati za Loweruka lokha, kenako Lolemba, kenako mwana waona kuti sukulu ikumuchedwetsa. Ndikudziwa kuti mabanja ena sangadye popanda ganyu wa mwanayo, ndipo sindikuwanyoza. Koma muikireni malire: ganyu akhale wa Loweruka ndi wa pa holide, masiku a sukulu asakhudzidwe. Ndi maliro omwe, ulemu ndi wofunika, koma wa Fomu 4 sangagone pa siwa pa maliro alionse a m'mudzi. Akapepese masana, usiku abwerere ku makope. Anthu amamvetsa kholo likawafotokozera.

Chachiwiri ndi nyali ndi malo. Kanyali ka sola kakhale kake madzulo, wailesi itsike, ang'ono asamusokoneze kwa maola awiri kapena atatu. Foni ndi yothandiza pa manotsi, koma mwana woyang'ana foni akuseka sakuwerenga Chemistry.

Chachitatu, muzimufunsa. Simukuyenera kudziwa Chingerezi kuti munene kuti, "Tandiuza zimene waphunzira lero." Akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chilomwe. Wotha kufotokozera mayi ake mmene magazi amayendera m'thupi wamvetsa, wongobwereza mawu a m'buku waloweza chabe, ndipo iye mwini amazindikira pomwepo pamene pakuperewera. Pa Agriculture ndiye mukhoza kumuphunzitsa ndinu. Za kukokoloka kwa nthaka m'mapiri, za kubzala nandolo m'chimanga, za anankafumbwe, mwazigwira ndi manja zaka zambiri.

Asachoke ndi njala m'mawa. Phala, mbatata, chinangwa chophika kapena nthochi n'zokwanira.

Potsiriza, kaonekereni kusukulu, makamaka zotsatira za mock zikatuluka. Mock ili ngati kulawa ndiwo zisanaphulidwe: mchere ukachepa nthawi yothira ilipo. Musamukalipire chifukwa cha 9. Funsani mphunzitsi kuti ndi maphunziro ati awiri amene angakwere msanga mwana atalimbikira, ndipo Chingerezi chili pati.

Funso: Sukulu ili kutali, mwana akupempha kuti akakhale pa selufu. Timulole?

Yankho: Selufu imapulumutsa maola a panjira, ndipo nthawi ya mvula imapulumutsa masiku athunthu. Imathanso kumuwononga mwana m'teremu imodzi. Kusiyana kwake kuli pa kholo. Musamupatse ndalama kuti akadzipezere yekha nyumba. Pitani mukaione nokha: chitseko chili ndi loko? Chimbudzi ndi bafa zili pati? Bala kapena chipinda cha vidiyo chili pafupi bwanji? Mwini nyumba ndi ndani, ndipo pakhomopo pali mayi wamkulu amene angamayang'ane anawo? Ahedi ndi amayi a mother group adziwe kumene mwana wanu akukhala.

Ufa, nyemba, nandolo, sopo ndi makala zizifika tsiku limene munapangana. Mtsikana amene ufa wamuthera Lachitatu, kwawo kuli zii, ndi amene amayamba kulandira za mwamuna wa pa shopu kapena wa njinga yamoto. Muzifikako mosayembekezeka. Ngati simungathe kuchita zimenezi, bwino kumupezera njinga kapena kumuika kwa wachibale wodalirika.

Funso: Mwana wathu wapezeka ndi pathupi ali mu Fomu 4. Basi zathera pomwepa?

Yankho: Ayi. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Kupsa mtima kulipo, manyazi alipo, koma musamubise m'nyumba n'kungosiya sukulu idziwire mphekesera. Pitani naye kusikelo msanga, kenako kwa ahedi kuti malo ake asungidwe mwa dongosolo. Ngati analembetsa kale mayeso ndipo thupi likumulola, kambiranani za kulemba.

Chimene ndikuchikana ndi mtima wonse ndi kuthamangira kukamutula kwa mwamuna kuti manyazi achoke pakhomo. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ngakhale atakwana zakazo, mwana amene watsala ndi miyezi yowerengeka kuti atenge sitifiketi si wokamusiya ku banja limene nalonso silinakonzeke. Amalume, mawu anu ndi amene amamveka pa nkhani ngati iyi. Muwagwiritse ntchito pomubwezera mwana wa mlongo wanu m'kalasi. Makolo a mnyamata nawo asathawitse mwana wawo ku Mozambique, asenze nawo udindo. Ngati wopereka mimbayo ndi munthu wamkulu kapena mphunzitsi, imeneyo si nkhani yothera pa mphasa ndi mbuzi. Kaneneni ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Zisanafike pamenepa, lankhulani nawo ana, aakazi ndi aamuna omwe. Mukachita manyazi, azakhali, anankungwi a ku mpingo ndi azaumoyo a ku malo a achinyamata kuchipatala alipo.

Funso: Wina akuti ali ndi likasa la mayeso a chaka chino, tingotumiza ndalama pa foni. Anzake onse akuti agula.

Yankho: Musatumize. Ambiri mwa anthu amenewa ndi akuba chabe. Amatenga mafunso a zaka zakale, n'kusintha chaka pamwamba, n'kuwamwaza pa WhatsApp. Mwana amataya masabata omaliza akuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Ndipo likasa likakhala lenileni, tsoka lake ndi lalikulu kuposa pamenepo. Wogwidwa ndi kapepala kapena foni m'chipinda cha mayeso zotsatira zake zimafafanizidwa, ndipo akhoza kumangidwa. Zaka zinayi zathera pa khomo la polisi.

Tinaziona mu 2020. Ana a chaka chimenecho anali atakhala kale pakhomo miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19. Atayamba kulemba, mapepala anabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo mu Novembala boma linathetsa mayeso onse. Analembanso mu Januwale 2021, osalakwa ndi olakwa omwe, makolo n'kufunanso ndalama ya kamba ndi ya thiransipoti kachiwiri. Zotsatira zitatuluka, anakhoza anali 41 okha mwa 100 alionse. Kholo limene lapereka ndalama ya likasa lamuuza mwana wake kuti silimukhulupirira, ndipo mwanayo amalowa m'chipinda cha mayeso ndi mantha awiri, a mafunso ndi a kugwidwa.

Funso: Mayeso ayandikira, mwana sakugona, waonda, sakulankhula ndi munthu. Tichite chiyani?

Yankho: Yambani ndi thupi. Ngati akumva mutu kapena kutentha, akayezetse malungo lero lomwe, ndipo azigona m'neti. Kuchezera usiku wonse miyendo ili m'beseni la madzi ozizira si kulimbikira, mutu wosagona susunga kanthu. Kupemphera n'kwabwino, koma mapemphero a usiku wonse asagwere tsiku loti mawa lake pali pepala.

Kenako samalani pakamwa. Mawu akuti "ukalephera usadzapondenso pano" kapena "tagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe" amalemera kwambiri pa mwana amene akudziwa kale umphawi wa kwawo. Muuzeni poyera kuti mukufuna akhoze, koma kuti akhoze asakhoze, pakhomo ndi pake. Akayamba kulankhula zoti moyo watopa nawo, musaziyese zachibwana. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a m'munda ndi a makoswe pamene angafike, ndipo pitani naye kuchipatala.

Masabata a mayeso enieniwo, ndandanda ya masiku ndi maola ipachikidwe pakhoma kuti wina wa m'nyumba aziionanso, chifukwa pepala lophonya silibwerezedwa. Dziwiranitu senta imene akalembere, pakuti sukulu zingapo zimasonkhanitsidwa malo amodzi. Mayeso a sayansi ochita ndi manja ndi amene amayambirira. Juni ndi Julayi ndi nthawi ya chiperoni, zala zimauma m'mawa, juzi isasowe. Chiphaso cha MANEB ndi makope zizikhala m'jumbo ya pulasitiki pamalo okwera. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa mowawa: ku Muloza ndi m'midzi ina ya m'tsinde mwa phiri madzi anatenga nyumba ndi zonse za m'kati, makalasi anasanduka misasa, ndipo ana ena anafika pa mayeso alibe kope ndi limodzi lomwe.

Funso: Akamaliza kulemba, chotsatira n'chiyani? Ife timangodziwa za yunivesite.

Yankho: Zotsatira zimatuluka pakatha pafupifupi miyezi iwiri, koma nkhani ya kumene mwana alowere ikambidwe asanalembe n'komwe. Mayunivesite a boma alipo 6: University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST imene ili pafupi pomwepa ku Ndata m'boma la Thyolo. Kufunsira malo kumadzera ku bungwe la NCHE, limene limalengeza nthawi yake m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti. Pano ndi pamene ana a kumudzi amagwera. Ena amamva mochedwa, ena amangolemba maphunziro otchuka okhaokha amene mapointi awo sangafikire. Akadzaze fomu ali ndi mphunzitsi pambali. Akasankhidwa, pali bungwe la HESLGB lopereka ngongole kwa ophunzira osowa. Ndi ngongole ndithu, idzabwezedwa akayamba ntchito, ndipo nayo ili ndi nthawi yake yofunsira.

Koma njira si imodzi. Pa Mulanje Mission pali koleji ya unamwino ndi uzamba, ku Phalombe kuli Holy Family, ku Makwasa kuli Malamulo. Onsewa amayang'anitsitsa Chingerezi, Masamu ndi maphunziro a sayansi. Wofuna uphunzitsi wa pulayimale ali ndi makoleji a boma ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Za ntchito zamanja zimadzera ku TEVETA: Soche ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, ndi makoleji a m'madera monga Milonga ku Thyolo ndi Naminjiwa ku Phalombe. Makolo ena amaona ngati kumeneku n'kwa olephera. Akulakwitsa. M'boma limene muli mafakitale a tiyi, malo ogona alendo okwera phiri, ndi nyumba zomangidwa tsiku ndi tsiku pa Chitakale ndi pa Limbuli, wodziwa zamagetsi, kuwotcherera, mipope kapena kukonza injini sagona ndi njala.

Chenjerani ndi makoleji ongophuka. Musanalipire kobiri, fufuzani ngati kolejiyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA, ndipo za unamwino ndi khonsolo ya anamwino ndi azamba. Chenjeraninso ndi munthu wolonjeza malo a sukulu, a usilikali kapena a upolisi mukamupatsa kangachepe. Malo amenewa sagulitsidwa pa foni.

Miyezi yodikirayi ndi yoopsa payokha, pakuti mwana amene anazolowera belu mwadzidzidzi alibe chochita. Mupatseni kamunda kake, kageni, kapena akakhale pambali pa mmisiri aphunzire luso.

Funso: Zotsatira zatuluka, sizinayende. Titani?

Yankho: Masiku oyambawo musaweruze mlandu. Mwanayo akumva kale ululu woposa wanu, ndipo akufunika kukhala pafupi ndi anthu. Mtima ukatsika, tengani kapepala ka zotsatira mupite nako kwa mphunzitsi amene amamudziwa. Kulephera kuli mitundu. Wina wagwa Chingerezi chokha. Wina sitifiketi wapeza koma ma credit aperewera awiri. Wina wagwa maphunziro ambiri chifukwa maziko a Fomu 3 analibe, ndipo ameneyu angachite bwino kubwerera Fomu 3 kusiyana ndi kuthamangira kulembanso. Ngati giredi ina ikudabwitsa ngakhale aphunzitsi, MANEB imalola kupempha kuti pepala lichongedwenso. Pempholi limadzera kwa ahedi, limalipiridwa, ndipo nthawi yake ndi yochepa.

Kubwereza si manyazi. Anamwino ndi aphunzitsi ambiri amene mukuwaona lero analemba MSCE kawiri. Koma asabwereze m'mavuto omwe aja. Ngati chinamugwetsa ndi mtunda, ganyu, njala kapena ntchito za pakhomo, zimenezo zisinthe kaye. Akhoza kubwerera pa sukulu ya Open yoyandikana nanu kapena kulembetsa ngati wolemba wapadera. Kumbukirani kuti zotsatira zikamatuluka, teremu yoyamba imakhala itatsegulidwa kapena ili pafupi kutsegulidwa, ndipo kulembetsa mayeso a chaka chotsatira kumatsekedwa msanga. Musadikire kuti mukolole kaye. Pitani kwa ahedi mwezi womwewo.